Ndikamanga armbar, mkono wa mnzanga umapulumuka

FUNSO: Ndikuphunzira jiu-jitsu ya ku Brazil, ndipo aphunzitsi atisonyeza kamangidwe ka mkono kotchedwa armbar, kamene munthu amachita atagona chagada, miyendo yake itazinga mnzake m'chiuno ndipo mapazi atakolana kumsana, kagonedwe kamene amati closed guard. Ine ndikangomasula miyendo, mnzanga amasolola mkono wake, kapena amanditsamira ndi thupi lonse mpaka khosi langa kupindika. Kodi n'kuchepa kwa mphamvu m'manja mwanga? — Wowerenga, Johannesburg

YANKHO: Zikomo, koma manja anu alibe mlandu. Ntchito yaikulu pa kamangidwe kameneka, kamene a judo amakatcha juji-gatame, ndi ya chiuno ndi miyendo. Ronda Rousey, amene anapata mendulo ya malo achitatu pa judo pa mpikisano wa Olympics ku Beijing mu 2008, anagonjetsa anzake ambiri ndi luso lomweli chifukwa chodziwa kuika chiuno pamalo ake.

Tinene kuti mukufuna mkono wamanja wa mnzanuyo. Musanamasule mapazi, muweramitseni pomukoka ndi miyendo, kenaka kokerani chigongono chake pamchombo panu, dzanja lake litakanikizika pachifuwa panu. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma, pakuti chigongono chikatsalira kumunsi kwa chiuno chanu, mkonowo wapita kale. Tsopano pondani m'chiuno mwake ndi phazi lamanzere, bondo litamatirira paphewa pake, ndipo dzikankheni kuti mutu wanu ulowere kumanja mpaka thupi lanu lipingase lake. Mwendo wamanja ukwere m'khwapa mwake n'kugona pamwamba pa msana molemera, chifukwa mwendo umenewu ndi umene umamuletsa kudzuka. Mukapingasa bwino, mwendo wamanzere umadutsa pamutu pake mosavuta. Mukaona kuti mukuchita kuukakamiza, dziwani kuti simunatembenuke mokwanira.

Pomaliza fanikizani mawondo, zidendene zikokere pansi, chala chake chachikulu chiloze kumwamba, ndipo kwezani chiuno pang'onopang'ono. Ambiri mwa aphunzitsi amalangiza ophunzira atsopano kuti asakolanitse mapazi pamenepa, popeza kutero kumamasula mawondo.

Akakutsamirani, musalimbane naye ndi khosi. Lowetsani dzanja lamanja kunsi kwa ntchafu yake yamanzere, kankhani mutu wake ndi mwendo umene uli pamenepo, ndipo adzagubuduzika n'kugona chagada, mkono ukadali m'manja mwanu.

Chigongono sichipindikira kumbuyo, ndipo mitsempha yake ikang'ambika imatenga nthawi kuti ipole. Choncho mnzanu akangokugundani ndi dzanja kapena kulankhula posonyeza kugonja, musiyeni pomwepo, ndipo inunso mukamangidwa gonjani ululu usanafike.