John Field si mlatho wongowolokerapo popita kwa Chopin

Mayi wina amene akuphunzira piyano wandilembera imelo. Akuti aphunzitsi ake awapatsa nocturne (nyimbo yofatsa ya piyano yokumbutsa usiku) ya John Field pomwe iwo amafuna ya Chopin, wopeka nyimbo wotchuka wa ku Poland, ndipo mnzawo wawauza kuti Field ndi wa anthu oyamba kumene, ongodutsirapo. Ndiye akufunsa ngati n'koyenera kutaya miyezi pa munthu amene dzina lake silimveka n'komwe.

Mayi, funso lanuli landifika pamtima, ndipo mundilole ndizungulire pang'ono.

Field anabadwira ku Dublin mu 1782. Bambo ake ankaimba vayolini m'nyumba za zisudzo, ndipo iye ali ndi zaka 9 anali ataimba kale pamaso pa anthu. Banja litasamukira ku London mu 1793, anamupereka m'manja mwa Muzio Clementi. Clementi anali katswiri weniweni wa piyano, komanso anali ndi bizinesi yopanga ndi kugulitsa mapiyano, ndiye mnyamatayo ankakhala m'sitolo kuimbira makasitomala kuti akopeke agule. Mu 1802 anamutenga kupita naye ku Paris, ku Vienna mpaka ku St Petersburg, ntchito ili yomweyo. Louis Spohr, woimba vayolini wa ku Germany, anamuona kumeneko ndipo analemba kuti anali mnyamata wamanyazi, zovala zitamuchepera, akatambasula manja pa piyano jekete n'kukwera pafupifupi kufika m'zigongono. Koma akangoyamba kuimba, munthu ankaiwala zonsezo.

Ntchito imeneyi ndimaidziwa. Ndili ku Johannesburg ndinagwirapo m'sitolo ina yogulitsa zida zoimbira. Abusa akabwera ndi akuluampingo kudzafuna kiyibodi, abwana ankandiitana kuchokera kumakatoni kuti ndiwaimbire. Ndinkakhala pansi, kupukuta manja pa thalauza, n'kuyamba nyimbo ya m'buku imene ndinkadziwa kuti aizindikira. Nyimbo ikangoyamba kukoma, abwana ankandigwira paphewa kuti basi, tikambe za mtengo. Palibe nyimbo imene ndinkaimaliza. Madzulo ndinkabwerera kuchipinda changa mutu uli wodzaza ndi nyimbo zodukiza, ndipo zinkandiwawa kwambiri. Koma kumeneko n'kumene ndinaona kuti phokoso siligulitsa chida. Anthu ankatulutsa ndalama ndikaimba mofatsa, noti iliyonse n'kuisiya ipume kaye. Ndimakhulupirira kuti kukhudza kofewa kumene Field anatchuka nako kunakulira m'sitolo, momwe ankayenera kuchititsa thabwa ndi waya kuti ziimbe ngati munthu.

Clementi atachoka, Field anatsala ku Russia. Anaphunzitsa ana a mabanja olemera ku St Petersburg ndi ku Moscow, ndalama n'kumalowa. Ma nocturne ake oyamba anasindikizidwa mu 1812. Chopin anabadwa mu 1810, ndipo ake oyamba anatuluka patapita zaka pafupifupi 20 kuchokera pamene a Field anatulukira. Kamangidwe konse kaja, dzanja lamanzere likuyala makodi omwazika pang'onopang'ono, lamanja likuimba pamwamba ngati mawu a munthu, chopondera cha piyano chikulumikiza zonse, anakakhazikitsa ndi Field. Ndiye mnzanuyo akamati ndi wongodutsirapo, ine ndikukana, ndipo ndikukana kwamtuwagalu. Chopin anazamitsa, anawonjezera mdima ndi mkuntho, zimenezo sinditsutsa. Koma Field sanali kuyesa kukhala Chopin n'kulephera. Ankafuna bata, ndipo analipeza. Franz Liszt, katswiri wa piyano wa ku Hungary, sanali munthu wosowa chochita, komatu mu 1859 anasonkhanitsa ma nocturne a Field n'kuwalembera mawu oyamba omutamanda.

Ndipo taonani kumene mbewu yake inakafika. Mikhail Glinka, wopeka nyimbo wotchuka wa ku Russia, anaphunzirako kwa iye pang'ono. Wophunzira wina wa Field, Alexandre Dubuque, anaphunzitsa Nikolai Zverev, ndipo Zverev ndiye analera pa piyano Rachmaninoff ndi Scriabin, akatswiri otchuka a nyimbo a ku Russia. Munthu wa ku Dublin ali pa muzu wa kaimbidwe ka ku Russia, koma ife tikumuyesa wa kalasi yoyamba.

Mapeto ake amandimvetsa chisoni. Mowa unamugwira, kenako khansa. Mu 1831 anapita ku London kukachitidwa opaleshoni, n'kuyendayenda m'maiko a ku Ulaya akuimba makonsati, koma anthu anali atayamba kukonda oimba othamanga ndi ogunda mwamphamvu. Ku Naples anagona m'chipatala miyezi 9 mpaka banja lina la ku Russia linamutenga kubwerera naye ku Moscow, komwe anamwalira mu Januwale 1837 ali ndi zaka 54. Anasiya ma concerto (nyimbo za piyano zoimba limodzi ndi gulu lalikulu la zida) 7, ndipo ku National Concert Hall ku Dublin kuli chipinda chotchedwa dzina lake.

Nanga inu muchite chiyani?

Mverani aphunzitsi anu. Ngati akupatsani nocturne ya nambala 5, ya mu B flat, mwapata. Yambani ndi dzanja lamanzere lokha, mofewa, osaponda chopondera, mpaka liziyenda losadukiza. Lamanja muziyamba mwaliimba pakamwa kuti mudziwe popumira. Fufuzani mmene John O'Conor, woimba piyano wa ku Ireland, anaimbira ma nocturne amenewa mumvetsere, ndipo mukaimaliza yanuyo mundilembere mundiuze mmene yakukhalirani.