Voisi noti ya pa gulupu ya Lizulu: amuchotse kapena ayi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Tsangano ku Ntcheu, adimini wa gulupu ya WhatsApp ya ogulitsa mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu. Akuti mnzawo wina anatumiza voisi noti yodzudzula Pulezidenti pa mtengo wa fetereza, mawu ake olasa ndithu, ndipo ena m'gulupumo aisunga n'kumuopseza kuti akamnenera kupolisi. Akufunsa ngati amuchotse, komanso ngati naonso angakalowe m'chitolokosi.

Achimwene, chimene chandiwawa m'kalata yanu si voisi notiyo. Ndi anthu oti amakwezetsana matumba pa lole imodzi m'bandakucha, lero akufuna kuperekana kwa apolisi chifukwa cha chipani.

Kudzudzula Pulezidenti si mlandu m'dziko muno. Gawo 35 la Malamulo oyendetsera dziko limapatsa aliyense ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse za olamula zimachokera kwa anthu. Lamulo la 1967 loteteza mbendera ndi zizindikiro za dziko, limene linkamangitsa anthu onyoza mtsogoleri, Nyumba ya Malamulo inalisintha mu 2022, n'kuchotsanso milandu ya sedition, yoti munthu walankhula kapena kulemba zodanitsa anthu ndi boma. Mu July 2025 Khothi Lalikulu linagamula kuti gawo 200 la Penal Code (buku la malamulo a milandu ndi zilango), loika kuipitsa mbiri ya munthu pa milandu yomangitsa, likutsutsana ndi Malamulo a dziko. Woipitsidwa mbiri angathebe kukasuma kuti alipidwe chipukutamisozi, koma imeneyo ndi nkhani ya iye ndi mnzakeyo, osati ya unyolo.

Msampha umene watsala uli m'lamulo la 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act. Gawo 87 limaletsa kusokoneza mtendere wa munthu dala komanso mobwerezabwereza kudzera pa foni kapena intaneti, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Mawu a lamuloli ndi otambasuka ngati legeni, n'chifukwa chake ofuna kuopseza anzawo amathamangirako. Ine ndimaliona ngati lamulo lotetezera mayi amene mwamuna wake wakale akumutukwana pa foni usiku ndi usana, osati chishango cha akuluakulu a boma. Munthu amene anapempha yekha mavoti pa msonkhano ayenera kukhala ndi khutu lopirira.

Ndipo pano ndilankhula mosapsatira. Amene akufuna kukanenera mnzawo aiwala kuti mpando umasintha eni. Mu 2011 boma linapatsa nduna mphamvu zoletsa nyuzipepala kudzera m'gawo 46 la Penal Code, ndipo pa 20 July chaka chomwecho anthu anafa pa zionetsero. Mu 2012 gawo lija linafafanizidwa. Pa 3 February 2020 khothi linafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, ndipo pofika June amene ankalamula anali otsutsa. Nthawi iliyonse oombera m'manja mnzawo akamangidwa ndi omwewo amadzalira kuti ufulu wathu uli kuti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mphamvu imene mukupempha wapolisi kuti agwiritse pa mnzanu lero sidzafunsa kadi ya chipani ikadzakufikani.

Chimandidandaulitsanso n'chakuti pa Facebook ndi pa WhatsApp sitikutsutsananso pa mfundo. Wina akati fetereza wakwera, yankho ndi lakuti ndiwe wa chipani chakuti, kapena ndiwe wa mtundu wakuti. Pa Lizulu pomwepo Mngoni, Mchewa ndi mnzathu wa ku Mozambique tsidya la msewu amagulitsa pa mulu umodzi, ndipo thumba la fetereza silitsika mtengo poona kumene munthu anavotera. Makolo athu anavotera matipate pa 14 June 1993 atatopa ndi moyo woyang'ana kumbuyo asanalankhule. Kusunga voisi noti ya mnzako ngati chida ndi kubwezera moyo womwe uja, kungoti kazitape wa lero ali m'thumba la malaya.

Zoti muchite

Mvetseraninso voisi notiyo modekha, mulekanitse zinthu zitatu: kudzudzula ntchito za boma, kutukwana, ndi kuopseza kapena kumema anthu kuchita chiwawa. Choyamba chisiyeni. Chachiwiri muuzeni mwini wake kumbali kuti afufute, chifukwa cha ulemu wa gulupu. Chachitatu chokha ndiye fufutani msanga ndi kumchotsa, popeza kuopseza kupha kapena kuwotcha ndi mlandu ndithu. Musaitumize kwina kulikonse, ngakhale pofunsa nzeru, chifukwa wofalitsa amadziika yekha pa mzere wa ofunsidwa. Lembani malamulo a gulupu pa malo ofotokozera gulupuyo, ndipo akhale amodzi kwa a zipani zonse. Adimini ambiri amagwa apa: amachotsa wonyoza mtsogoleri wawo n'kusiya wonyoza wa anzawo, gulupu n'kugawikana pawiri. Moto ukakula, tsekani kwa tsiku limodzi kuti azilemba ndi maadimini okha.

Apolisi akabwera, kwa inu kapena kwa mnzanuyo, gawo 42 la Malamulo oyendetsera dziko likuti womangidwa amuuze chifukwa chommangira m'chilankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya, ndipo afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48. Funsani gawo la lamulo limene akuti laphwanyidwa, mulilembe pamodzi ndi nthawi imene wamangidwa. Asasayine sitetimenti imene sanaiwerenge kapena kuwerengeredwa. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ndipo dandaulo la kuphwanyiridwa ufulu limapita ku Malawi Human Rights Commission.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, mnzanuyo anadandaula za fetereza mokalipa, basi. Musamuchotse. Aitaneni aja akumuopsezawo tsiku la msika, mukhale pansi maso ndi maso, ndipo muyambe ndi kuwafunsa kuti iwo thumba anagula zingati chaka chino.