Yambani ndi ya njinga ija, koma maso akhale pa mwana

Achimwene, mwati mafilimu akale opanda mitundu aja amakugonetsani tulo, ndiye mukufuna kudziwa ngati muli chokomadi kapena ndi matama chabe a anthu ophunzira. Ena akupatsani kale mndandanda wautali. Ine ndikupatsani imodzi yokha: Ladri di biciclette, ya ku Italy, ya mu 1948, imene anatsogolera ndi Vittorio De Sica. Pa intaneti muisake ndi dzina loti Bicycle Thieves. Ndi ya ola limodzi ndi theka basi. Ndiulula mathero ake, musandide. Filimu imeneyi siiwonongeka chifukwa choti mwadziwa mathero.

Nkhani yake ndi yaifupi. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse yangotha, mu Rome ntchito kulibe. Antonio Ricci wapeza ntchito yomata maposita m'makoma, koma amuuza kuti popanda njinga asabwere, ndipo njinga yake anaipinyolitsa kuti banja lidye. Mkazi wake Maria akuvula mashiti pabedi, kukawapinyolitsa, n'kuwombola njinga. Tsiku loyamba la ntchito, ali pamakwerero kumata posita ya Rita Hayworth, katswiri wa mafilimu wa ku America, mnyamata wina akuikwera njinga ija n'kuthawa nayo. Chotsala chonse ndi bambo ndi mwana wake Bruno kuzungulira mzinda kuisaka.

Tulo timabwera ngati mukudikira kuti njinga ipezeka liti. Lekani kudikira zimenezo. Yang'anani Bruno.

Mwana ameneyu ndi amene amapukuta njinga m'mawa, amadziwa pamene yaphwanyika, ndipo amadzudzula bambo ake kuti bwanji sanadandaule kwa a pinyolo aja. Amayenda ngati bambo ake, amaika chakudya m'thumba ngati bambo ake. Ndiye muziona nkhope yake ikamasintha pang'onopang'ono tsiku lonse. Mvula ikugwa, mwana waterereka n'kugwa, bambo sanaone n'komwe. Atatuluka m'tchalitchi mmene nkhalamba imene amaitsata, poti anaiona ikuyankhula ndi wakuba uja, yawazemba, Bruno akuyankhula mawu amodzi owawa, Antonio n'kumuwomba mbama. Palibe wolankhula zambiri pambuyo pake. Mwana akungoyenda patali ndi bambo ake, ndipo kamera ikukuonetsani mpata umene uli pakati pawo. Mpata umenewo ndiye nkhani. Filimu ya masiku ano ikanaika mawu oti "bambo mwandikhumudwitsa". De Sica akukusiyirani inuyo kuti muone nokha, ndipo kuona kumafuna nthawi. Kuchedwa kumene mukudandaula kuja n'kumeneku.

Pamene pamandigwira mtima kwambiri ndi mu lesitilanti. Antonio, pofuna kupepesa, akulowa ndi mwana malo oposa thumba lake, n'kuitanitsa buledi wokazinga wa tchizi ndi vinyo. Patebulo lakumbuyo pali banja lolemera, ndi mwana wopesa bwino akudya ndi mpeni ndi foloko. Bruno akukoka tchizi chake chikutambasuka ngati ulusi, n'kumacheuka, wolemera uja nayenso n'kumacheuka. Kwa kanthawi bambo ndi mwana akusangalala. Kenaka Antonio akutulutsa pensulo n'kuyamba kuwerengera malipiro amene akanalandira njinga ikanakhalapo, n'kumupatsa mwana kuti alembe. Chakudya chatha kukoma pomwepo. Aliyense amene anakhalapo patebulo ndi kholo lowerengera ndalama mumtima sadzafuna womumasulira.

Palinso kachigawo kena kamene ambiri amakadumpha. Ku pinyolo kuja, wantchito akunyamula mtolo wa mashiti a Maria n'kuyamba kukwera mashelefu, kamera n'kumamutsata m'mwamba. Mashelefu onse, mpaka kudenga, adzaza mitolo ya mashiti a mabanja ena. Palibe wandale wolankhula za umphawi, koma masekondi ochepa okhawo akuuzani kuti mzinda wonse ukugona popanda zofunda.

Kuti mumvetse chifukwa chimene imaonekera choncho, dziwani kumene inachokera. M'nthawi ya Mussolini, wolamulira wankhanza wa dzikolo, mafilimu ambiri a ku Italy ankajambulidwa m'situdiyo ya Cinecittà, imene inatsegulidwa mu 1937, ndipo ambiri anali a anthu ovala bwino m'nyumba zokongola. Nkhondo itatha situdiyo ija inasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo. Roberto Rossellini anatulutsa Roma città aperta mu 1945, ndipo iye, De Sica ndi wolemba nkhani Cesare Zavattini anatengera kamera mumsewu. Kajambulidwe kameneka ndiko amakatcha neorealismo. Amene akusewera Antonio, Lamberto Maggiorani, anali wantchito wa m'fakitale, sanali katswiri wa zisudzo. Enzo Staiola, Bruno uja, anali mwana wamba wa mu Rome. Imadziwikanso nkhani yoti David O. Selznick wa ku Hollywood anali wokonzeka kuikapo ndalama bola gawo la Antonio lipite kwa Cary Grant, katswiri wotchuka wa mafilimu kumeneko, De Sica n'kukana. Tangoganizani Cary Grant akulirira njinga.

Koma musapusitsidwe ndi amene amati anangoyatsa kamera n'kujambula moyo mmene ulili. Chilichonse chinakonzedwa mwaluso, ndipo mawu anawaika pambuyo m'situdiyo monga ankachitira ku Italy nthawi imeneyo, n'chifukwa chake milomo ndi mawu nthawi zina sizigwirizana. Zofooka ziliponso. Nyimbo za Alessandro Cicognini nthawi zina zimakukakamizani kulira pamene chithunzi chakwanitsa kale ntchito. Ndipo Maria, amene ndiye anapeza nzeru yowombolera njinga, filimu ikumutaya msanga ngati alibenso chonena. Zimenezi zimandinyansa ndithu.

Chimene chimaikweza pamwamba kwa ine ndi mmene ikuchitira ndi wakuba. Antonio akumupeza mnyamata uja, koma kwawo ndi kosauka kuposa kwa Antonio: chipinda chimodzi, banja lonse momwemo. Mnyamata akugwa ngati wa khunyu, anthu a m'deralo akumuikira kumbuyo, wapolisi akufufuza m'nyumba osapeza kanthu, ndipo akumuuza Antonio kuti popanda mboni mlandu palibe. Ukafuna munthu woipa woti umude, sukumupeza. Kenaka, pafupi ndi bwalo la mpira pamene njinga zaimikidwa zambirimbiri, Antonio akuona ina yatsamira khoma payokha. Akumupatsa Bruno ndalama kuti akakwere tramu, sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda. Mwana akuiphonya tramu ija, motero akuona ndi maso ake bambo ake akuthamangitsidwa, kugwetsedwa ndi kumenyedwa makofi ngati mbala. Mwini njinga, ataona mwana akulira atagwira chipewa cha bambo ake, akuti musiyeni. Dziwani kuti De Sica wakhala akukukonzekeretsani mphindi imeneyi kuyambira pachiyambi. Mukadumpha zapakati zija n'kuthamangira kumathero, mungoona munthu wakuba njinga basi.

Za ulemu umene inalandira, mwachidule: Academy ya ku America, imene imapereka mphoto za Oscar, inaipatsa mphoto yapadera mu 1950, ndipo mu 1952 magazini ya Sight and Sound itafunsa akatswiri openda mafilimu, inakhala nambala 1. Ku America komweko oyang'anira za makhalidwe ankafuna adule pamene Bruno waima pakhoma kufuna kukodza ndi pamene Antonio akulowa m'nyumba ya mahule pothamangitsa wakuba, koma eni filimu anakana. Satyajit Ray anaionera ku London mu 1950, n'kubwerera kwawo ku India atatsimikiza kujambula yake ndi anthu wamba panja. Ndiyo Pather Panchali ya mu 1955.

Muionere m'Chitaliyana ndi mawu olembedwa m'munsi, pa TV kapena pa laputopu, osati pafoni, chifukwa zambiri zikuchitikira m'mbali mwa chithunzi ndi pankhope ya mwana. Foniyo muiike kutali. Ikakugwirani, yotsatira ikhale ya Ray ija, kenaka Borom Sarret ya Ousmane Sembène ya mu 1963, ya woyendetsa ngolo mu Dakar, imene ndi ya mphindi pafupifupi 20 zokha. Ikakugonetsaninso, bwerani mudzatiuze pamene tulo tinakupezerani, tione ngati ndi pamsika wa Piazza Vittorio paja, pamene akusaka njinga pakati pa zogulitsa, chifukwa pamenepo pokha ndikhoza kukukhululukirani.