Tulutsani khadi, chingwecho chisiyeni kaye

Achimwene, mwati chiikireni Ubuntu pa laputopu, mukalumikiza kamera yanu ya Canon ndi chingwe sipakuoneka kanthu, pomwe anzanu akudikira zithunzi za ku Dziwe la Nkhalamba. Mtima m'malo, kamerayo sinafe.

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Chitakale, koma chingwe ndinachisiya kalekale. Thimitsani kamera, tulutsani khadi la SD, mulilowetse pa kabowo ka m'mbali mwa laputopu. Ngati kabowoko palibe, gulani card reader, kachipangizo kowerengera khadi kolowetsa pa USB. Mukatsegula Files, pulogalamu yoonera mafayilo mu Ubuntu, mupeza foda ya DCIM, zithunzi zonse zili mmenemo. Khadi likakhala loposa 32GB limabwera ndi kasungidwe ka mafayilo kotchedwa exFAT. Ubuntu 20.04 kupita mtsogolo imaliwerenga yokha, yakale ndi imene imanyanyala.

Ngati mukuumirirabe chingwe, dziwani kuti makamera ambiri a Canon sadzionetsa ngati flash. Amayankhula ndi kompyuta m'njira yotchedwa PTP. Kamera ikhale yoyaka, batire lodzadza, ndipo chingwe chikhale chotumiza mafayilo, chifukwa tizingwe tina timene timatola pamsika ndi tongotchajira foni basi. Wi-Fi ya kamera ikakhala yoyatsa ithimitseni, ma Canon ena amatseka USB chifukwa cha zimenezo. Zikakanikabe, tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo a kompyuta, mulembe sudo apt install gphoto2, kenako gphoto2 --auto-detect. Dzina la kamera likatuluka, gphoto2 --get-all-files ikokera zonse mu foda imene mulimo. Ikadandaula kuti yalephera kugwira USB, ndiye kuti Files yaigwira kale kamerayo. Mu Files dinani Unmount pambali pa dzina la kamera, muyesenso. Owopa Terminal angagwiritse ntchito pulogalamu ya zithunzi yotchedwa Shotwell.

Mafayilo othera ndi CR2 musawafufute poganiza kuti ndi ovunda. Amenewo ndi RAW, zithunzi zosakonza monga mmene kamera yazijambulira, amatseguka bwino mu pulogalamu ya Darktable.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: chitani Copy, osati Cut. Tsiku lina ndinachita Cut zithunzi za chinkhoswe, magetsi n'kuthima zili pakati, laputopu yanga batire lake linafa kale. Thukuta ndinatuluka tsiku limenelo, kunja kuli chiperoni! Onani kaye kuti zithunzi zikutseguka, musungenso zina pa flash, ndiye mupange Format khadilo (kufufuta zonse zili mmenemo) mu kamera momwemo, osati pa kompyuta.