Mukufuna kupanga mfuti ya gasi nokha? Yankho lathu kwa makaniko wa ku Ulongwe

Wowerenga wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, yemwe amakonza njinga zamoto, watilembera pa imelo. Akuti waona pa YouTube anthu akupanga mfuti ndi paipi ya PVC, kabotolo ka gasi ndi valavu ya tayala, ndiye akufuna timulembere zipangizo zake ndi miyezo yake. Cholinga chake n'kuwombera zitini Lamlungu masana ndiponso kuingitsa mbalame kudimba. Akuwonjezera kuti makina owotcherera zitsulo ali nawo, manja ake ndi ozolowera ntchito.

Achimwene, za luso la manja anu sitikukayika. Koma miyezo ya mfuti imeneyo sitikupatsani, ndipo tikupemphani kuti musaipange. Tikufotokozerani chifukwa chake ndi manambala, popeza inu ndi munthu wodziwa mphamvu ya mpweya, kenako tikuonetsani pomwe luso lanulo lingagwire ntchito pa masewera omwewa.

Tayala la galimoto yaing'ono mumalipopa kufika pa 2 kapena 2.5 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya wopanikizika). Kabotolo ka gasi wa CO2 ka magalamu 12, kamene kamalowa m'mfuti za kufakitale, kamakhala pa 57 bar kunja kukamatentha madigiri 20. Kutentha kukafika 30, kamafika pafupifupi 72 bar. Kupitirira madigiri 31 gasi uja sakhalanso wamadzimadzi m'kabotolomo, ndipo mphamvu yake imangokwerabe ndi kutentha. N'chifukwa chake opanga amachenjeza kuti timabotoloti tisasungidwe potentha kufika madigiri 50. Taganizani za mumzinda wa Tete kapena ku Moatize mu Okutobala ndi Novembala, pamene mumthunzi momwe mumapitirira madigiri 40, kabotolo katasiyidwa m'galimoto yotseka kapena pansi pa denga la malata. Mfuti zina za mpweya wopopera, zotchedwa PCP, zimadzazidwa mpaka 200 bar kapena kuposa, ndipo thanki yake imayesedwa ndi makina isanatuluke m'fakitale.

Tsopano onani paipi ya PVC imene mungagule kuloja. Pambali pake pamalembedwa PN10 kapena PN16, kutanthauza 10 kapena 16 bar. Nambala imeneyo ndi ya madzi, pa madigiri 20, paipi ili yatsopano. Ikatenthedwa imafooka, ndipo ikakhalitsa padzuwa imauma n'kusanduka yosachedwa kusweka. Chachikulu n'chakuti madzi ndi mpweya sizichita mofanana paipi ikagonja. Madzi safinyika, choncho paipi ikang'aluka amangothovoka, mphamvu yathera pomwepo. Mpweya umafinyika n'kusunga mphamvu yonse imene munapopera, ndiye paipi ikagonja imaphulika n'kumwaza zidutswa zakuthwa ngati za botolo losweka. Ndipo pa mfuti, thankiyo imakhala pafupi ndi tsaya lanu, diso lanu ndi mtsempha wa pakhosi.

Mwina muti mugwiritsa ntchito chitsulo. Paipi ya madzi yachitsulo ili ndi msoko kutalika kwake konse, ndipo pomwe mwawotcherera chivundikiro ndi pomwe sipangaoneke ndi maso ngati pagwira mpaka mkati. Thanki yotere imatha kupirira kupopa kambirimbiri, msoko ukutopa pang'onopang'ono, dzimbiri likudya mkati chifukwa mpweya wopopa umasiya chinyezi, mpaka tsiku lina n'kulekana popanda chenjezo. Gasi wophikira ndi sipiriti, zimene ena amathira m'paipi n'kuyatsa ndi kamoto ka laita, ndi zoopsa mwa njira ina: mphamvu ya kuphulikako simungailamulire, lero ifooka, mawa ipitirira. Ndipo popeza muli m'garaja tinene izi momveka: okosijeni wa silinda yowotcherera asalowe m'mfuti ya mpweya iliyonse, ngakhale ya kufakitale. Okosijeni wopanikizika akakumana ndi dontho la oilo kapena girisi, mafutawo amayaka okha, mfuti n'kuphulikira m'manja.

Palinso lamulo. Kuno ku Mozambique nkhani za mfuti zimatsata Regulamento de Armas e Munições, lomwe linakhazikitsidwa ndi Decreto 8/2007, ndipo zilolezo zili m'manja mwa apolisi a PRM. Kupanga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chida chopanda nambala, chopanda lisiti, simudzakhala ndi pogwira pochiikira kumbuyo. Ngakhale yogula, yambani mwapita ku Comando Distrital, likulu la apolisi la m'boma lanu, muwauze mtundu wa mfuti ndi kukula kwa mpope wake, akuuzeni mapepala ofunika. Musaidutsitse pa malire a Calómuè kapena a Zóbuè itabisidwa m'thumba la chimanga poti ku Malawi mwaipeza yotchipa.

Nanga muchite chiyani? Ife tikuti pezani mfuti ya kufakitale ya sipuling'i, ija yothyola pakati, imene m'masitolo amaitcha pressão de ar. Siifuna gasi kapena pampu. Mukathyola mpope, sipuling'i imafinyika. Mukawomba, pisitoni imakankha mpweya womwe uli patsogolo pake, ndipo mpweyawo umatulutsa chumbinho, kachipolopolo kaja ka mtovu. Palibe mpweya wosungidwa, choncho kutentha kwa ku Tete sikuiopseza, komanso kuzizira kwa Juni ku Tsangano sikuifooketsa monga kumachitira ndi ya CO2, imene pa madigiri 10 imatsika kufika cha pa 45 bar n'kuyamba kuwombera pansi. Pa zitini ndi mapepala sankhani ya 4.5 mm. Chumbinho chake chimalemera pafupifupi theka la galamu, chimayenda mowongoka, ndipo ndiwo muyezo womwe amagwiritsa ntchito pa mpikisano wa mamita 10 ku Olimpiki. Ya 5.5 mm chumbinho chake chimayandikira galamu imodzi ndipo chimagwa msanga pa mtunda.

Ngati mukugula yakale, apa m'pomwe umakaniko wanu upindule. Itsekeni, mugwire kumapeto kwa mpope n'kugwedezera kumanja ndi kumanzere. Ikamasewera ndiye kuti bawuti ya pothyokera yamasuka kapena mawashala ake adyeka, ndipo mfuti yotero siimenya malo amodzi kawiri. Ithyoleni pang'ono muone kampira kozungulira pakamwa polowetsera chumbinho: kakhale kotukuka pang'ono pamwamba pa chitsulo, kosang'ambika, kosaphwa. Kuti mutsimikize, lowetsani chumbinho, yalani kapepala kopyapyala pamwamba pa polumikizira paja, muwombere malo otetezeka. Kapepalako kakauluka, mpweya ukuthawira pamenepo. Kampira kameneka n'kotchipa ndipo kamasinthika m'mphindi zochepa. Suzumirani mumpope molozetsa kowala, mfuti ili yothyola komanso yopanda kanthu: mizere yopotana ya mkati ioneke bwino, yopanda dzimbiri. Onaninso kukamwa kwa mpope, chifukwa pakakhala pophwanyika ngakhale pang'ono chumbinho chimatuluka chopendekeka. Pothyola mvetserani. Kukhuluzika kapena kulira kwa zitsulo kumasonyeza sipuling'i yothyoka kapena youma, ndipo ikamathyoka mopepuka kwambiri ndiye kuti sipuling'i yatha.

Mfuti zimenezi zimafa ndi zinthu zitatu, ndipo zonse ndi za mwini wake. Choyamba n'kuwomba mulibe chumbinho. Pisitoni imadalira mpweya wopanikizika kuti uichepetse liwiro, ndiye mukawomba yopanda kanthu imakamenya chitsulo ndi mphamvu yonse, kampira kake n'kuphwanyika. Chachiwiri ndi oilo wa injini. Amakaniko ambiri amadontheza oilo wa njinga pakabowo kotulukira mpweya poganiza kuti akuisamala. Mpweya ukafinyidwa mwadzidzidzi umatentha kwambiri, oilo uja amayaka monga mmene dizilo amayakira mu injini, mfuti imalira mokweza, utsi n'kutuluka, ndipo kampira kamapsa, sipuling'i n'kuthyoka. M'kati mmenemo mumalowa oilo wa silikoni yekha, dontho limodzi kapena awiri mukawombera pafupifupi 1000. Pothyokera ndi pa ndodo yokankha pisitoni pakani girisi pang'ono. Kunja pukutani ndi kansalu ka oilo nthawi zonse mukamaliza, makamaka m'dzinja, chifukwa thukuta la m'manja limasiya dzimbiri usiku umodzi wokha. Chachitatu n'kuisiya yothyolathyola kwa masiku, zimene zimatopetsa sipuling'i.

Pa kulowetsa chumbinho pali lamulo losasintha: dzanja limodzi lisachoke pa mpope mpaka mutatseka, thako la mfuti lili pantchafu, chala chili kutali ndi chowombera. Chogwirira pisitoni chikaphonya mpope uli wothyola, umabwerera ndi mphamvu yokwanira kudula nsonga ya chala ndi kupinda mpope womwewo. Ndipo musatsegule chipinda cha sipuling'i ndi manja okha. Imakhala yofinyika kale ngakhale mfuti isanathyoledwe, ndipo mukachotsa phini popanda chopanira, chivundikiro chimakuthawirani kumaso.

Chinthu choyamba choti mupange ndi manja anu ndi bokosi logwira zipolopolo. Khomani bokosi la matabwa la masentimita 30 mulifupi, 30 msinkhu ndi 30 kulowa mkati, kutsogolo kosatseka. Kumbuyo, cha mkati, mangani ndi mabawuti chitsulo cha mamilimita 2 kapena 3. Dzazani nsanza ndi zovala zakutha, mutsendere zolimba mpaka chala chizikanika kulowa. Kutsogolo ikani katoni wolowa m'timizere tiwiri ta matabwa kuti muzimusintha akabooka, ndipo pepala lowombera muzilimata pa katoniyo. Nsanza zimamwa mphamvu ya chumbinho popanda phokoso, chitsulo chija n'chongodikira chimene chapyola. Pakati pakayamba kukumbika, sakanizani nsanzazo n'kutsenderanso. Musaike tayala, thabwa lolimba, mwala kapena madzi kumbuyo kwa pepala lowombera, chifukwa zonsezi zimabweza chumbinho, ndipo tayala limachibwezera komwe chachokera. Timipira tachitsulo ta mu bering'i ta njinga tisalowe m'mfuti imeneyi: timawononga mizere ya mumpope ndipo timanjanja koopsa. Bokosilo liikeni patsinde pa chulu kapena pa khoma la njerwa lopanda zenera, osati pa mpanda wa udzu. Chumbinho chophonya chimatha kuuluka mamita oposa 300, ndipo kuseri kwa mpanda kumadutsa ana, mbuzi ndi amayi ochokera kumjigo. Magalasi amene mumavala pogaya zitsulo muziwavalanso apa, pamodzi ndi aliyense woonerera.

Mtovu ndi poizoni wolowa pang'onopang'ono. Chizolowezi chosunga chumbinho mkamwa podikira kuwomba chisiyeni, sambani m'manja musanagwire nsima, ndipo zotsala m'bokosi muzizithira m'chitini chotseka kuti nkhuku zisatole, ana asaseweretse.

Yezani mamita 10 ndi tepi, osati ndi mapazi. Musanayambe, mangani mabawuti ogwira chitsulo ku thabwa, omwe kawirikawiri amakhala awiri kutsogolo ndi imodzi pafupi ndi chowombera, chifukwa amamasuka ndi kunjenjemera ndipo ndiwo amayambitsa kumwaza kochuluka. Mfuti ya sipuling'i imayamba kugwedezeka chumbinho chisanatuluke, choncho siifuna kufinyidwa. Igonekeni pa chikhatho chotambasula, malo omwewo nthawi zonse, phewa lingoikhudza, ndipo musaitsamiritse pa thabwa kapena pa njerwa. Ngati mukufuna potsamira, ikani dzanja lanu pa thumba la mchenga, mfuti pa dzanjalo. Wombani kasanu mukuloza kadontho kamodzi, osasintha kalikonse. Onani pakati pa mabowo asanuwo, kenako sunthani choyang'anira cha kumbuyo kulowera komwe mukufuna chumbinho chipite: chikugwera pansi, kwezani, chikupita kumanzere, sunthirani kumanja. Mabowo asanu akamakwana pansi pa chitsekerero cha botolo, bwererani pa mamita 15, kenako 20. Akamamwazikabe mabawuti ali omanga, yesani chumbinho cha mtundu wina, popeza mpope uliwonse uli ndi chomwe umagwirizana nacho, ndipo tayani chilichonse chopindika siketi, mbali yake ya kumbuyo yotambasuka ija. Galasi loyang'anira musathamangire. Mfuti ya sipuling'i imakankha kumbuyo kenako kutsogolo, ndipo magalasi osapangidwira kugwedezeka kotere amamasuka mkati msanga.

Manja akamayabwabe, gwirani thabwa la mfutiyo. Masulani mabawuti atatu aja, chotsani vanishi wakale ndi sandipepa wa 80, mutsatize 120, mumalize ndi 220 motsata mitsempha ya mtengo. Pakani mafuta opaka matabwa a linseed ochepa ndi chikhatho, pukutani otsala pakatha mphindi 20, mudikire tsiku lathunthu, mubwereze kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Nsanza za mafutawa muziyanike potambasula panja, chifukwa zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha. Ngati thabwalo linasweka, semani lina la mlombwa wouma bwino potengera lakale, mukuyesa chitsulo m'ngalande yake pafupipafupi kuti chikhale mokhazikika popanda kukakamiza. Mungawotchererenso tizitsulo tozungulira pa ndodo, topendekera pansi pang'ono kuti chumbinho chikamenya chizigwera m'dothi, n'kutiika pa mamita 15 kapena kuposa.

Za mbalame za kudimba, mfuti si yankho. Mukawomba imodzi, gulu limauluka n'kubwerera inu musanathyolenso mpope, komanso kusaka nyama zakutchire kuli ndi chilolezo chakechake. Kokani zingwe pamwamba pa mizere, mumangirire zitini zokhala ndi timiyala ndi timapepala tonyezimira, muzisuntha malo pakapita masiku atatu kapena anayi kuti mbalame zisazolowere, ndipo pa nazale yalani ukonde. Mfutiyo izikhala m'bokosi lokhoma, yosathyola, chitini cha chumbinho chili kwina, kiyi ali m'thumba mwanu.