Chimene amalipira pa Shelby Daytona ya 1965 ndi nambala ya chasisi

Achimwene, funso lanu ndinaliona m'mawa, koma ndinati nditseke kaye ku garaja kuti ndiyankhe mofatsa. Mwafunsa kuti zimatheka bwanji galimoto yakale ya mpikisano ya ku America, ya mipando iwiri yokha, yopanda wailesi, yotentha m'kati ngati uvuni, kuikidwa pa okushoni anthu n'kumalimbirana ndi mamiliyoni a madola, pomwe ndalama yomweyo ingagule ma Land Cruiser atsopano makumi angapo. Ena ayankha kale kuti ndi njira yobisira ndalama zakuba. Sindikana kuti pamene pakuyenda ndalama zambiri akamberembere sasowa, koma yankho limenelo likutimana nkhani yeniyeni. Ndiloleni nditenge galimoto imodzi imene ndaitsata kwa zaka zambiri: Shelby Daytona Coupe, nambala ya chasisi CSX2601, imene inagulidwa madola 7.25 miliyoni mu Ogasiti 2009 ku Monterey, California, pa okushoni ya kampani ya Mecum.

Mwini dzina, Carroll Shelby, anali wa ku Texas, ndipo anayamba wayesapo ulimi wa nkhuku usanamukanike. Pa chiwongolero ndiye anali katswiri. Mu 1959 anapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France, akuyendetsa Aston Martin limodzi ndi Roy Salvadori. Chaka chotsatira matenda a mtima anamusiyitsa kuyendetsa, ndiye anatembenukira kopanga magalimoto. Anatenga bodi yopepuka ya kampani ya AC ya ku England n'kuikamo injini ya V8 ya Ford, ndipo mu 1962 Cobra inabadwa. Pa misewu yaifupi ya mipikisano ya ku America inalibe mnzake. Vuto linali ku Ulaya. Ku Le Mans kunali msewu wowongoka wotchedwa Mulsanne, wa makilomita pafupifupi 6, ndipo Cobra, pokhala yopanda denga ndiponso yosasongoka kutsogolo, inkalimbana ndi mphepo ngati munthu wothamanga atanyamula chitseko. Ferrari 250 GTO inkangoidutsa, ngakhale mphamvu ya injini Cobra inali nayo.

Apa ndi pamene ine nkhaniyi imandigwira mtima. Amene anathetsa vutolo anali mnyamata wa zaka za m'ma 20, Pete Brock. Iye sanapemphe injini yaikulu. Anati injini ikhale yomweyo ya malita 4.7, chasisi ikhale yomweyo, tisinthe bodi yokha. Anajambula denga lotsika pang'onopang'ono kupita kumbuyo, kenako n'kudula mchira mwadzidzidzi ngati wadulidwa ndi chikwanje, potsatira kafukufuku wa akatswiri a ku Germany wa m'zaka za m'ma 1930, monga Wunibald Kamm. Ambiri mu shopu ya Shelby ku Venice, California, anaiona ngati yonyansa ndipo sanakhulupirire kuti ithamanga. Ken Miles, dalaivala komanso makaniko wochokera ku England, anali mmodzi mwa ochepa amene anaima naye. Ataiyesa, liwiro linakwera kufika pafupifupi makilomita 300 pa ola, ndipo mafuta inkamwa ochepa kuposa kale. Aliyense amene anagwirapo sipanala akudziwa kuti kupeza liwiro lotere osakhudza injini si masewera.

Mpikisano wake woyamba unali ku Daytona mu Febuluwale 1964, n'chifukwa chake dzinalo. Inkatsogola, koma inagwira moto ili poima pothira mafuta. Mwezi wotsatira ku Sebring inapambana m'gulu lake la GT, la magalimoto aliwiro a mtundu wogulitsidwanso kwa anthu. Mu Juni ku Le Mans, Dan Gurney ndi Bob Bondurant anamaliza pa nambala 4 mwa onse ndipo anali oyamba m'gulu la GT, patsogolo pa ma GTO aja. Chikho cha chaka chimenecho chinapitabe kwa Ferrari. Mu 1965 zinatembenuka, ndipo tsiku limene Shelby anatsimikiza chikho cha opanga magalimoto a GT cha FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, linali 4 Julayi, pa mpikisano wa maola 12 ku Reims, ku France, tsiku lomwe America imakumbukira ufulu wake. Inali nthawi yoyamba kuti kampani ya ku America itenge chikho chimenecho. Galimoto imene Bondurant ndi Jo Schlesser ankayendetsa tsiku limenelo ndi CSX2601 yomwe ija.

Tsopano onani masamu ake. Magalimoto amenewa anapangidwa 6 okha. Yoyamba inamangidwa ku California, ndipo mabodi a ena asanu anasulidwa pamanja ndi amisiri a aluminiyamu ku Modena, ku Italy, kwawo kwenikweni kwa Enzo Ferrari, woyambitsa kampani ya Ferrari. Mwa 6 amenewa, imodzi yokha ndi imene inatseka chikho ku Reims. Anthu olemera amene amakonda mbiri imeneyi ndi ambiri, galimoto ndi imodzi. Munthu amene anapereka 7.25 miliyoni sankagula aluminiyamu ndi matayala. Ankagula tsiku la 4 Julayi 1965, ndipo chiphaso cha tsikulo ndi nambala ya chasisi.

Kuti muone kuti nambala ndiyo nkhani, abale athu amene ali ku South Africa angatichitire umboni. Ku Gqeberha, kumene kale tinkati Port Elizabeth, kuli fakitale ya Hi-Tech Automotive imene yakhala ikupanga magalimoto ofanana ndi Daytona a kampani ya Superformance, ndipo Pete Brock mwiniwakeyo anathandiza kuwajambula. Ndi okongola, m'kati muli malo okwanira, ndipo pamsewu wamba ndi abwino kuyendetsa kuposa yeniyeni ya 1965. Koma mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono chabe ka mtengo wa yeniyeni, chifukwa sanapiteko ku Reims.

N'chifukwa chake galimoto yotere isanafike pa okushoni, ntchito yaikulu imakhala ya mapepala. Ife tikamagula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito timayerekeza nambala ya pa chasisi ndi ya m'buku, timafunsa ngati inachitapo ngozi. Iwo amachita zomwezo koma mozama kwambiri: mndandanda wa eni ake onse kuyambira tsiku loyamba, zithunzi zakale za pa mpikisano, malisiti a kumene inakonzedwa, ndi mbali ziti za bodi zimene zili zoyambirira. Magalimoto a mpikisano ankagundidwa, kupsa, kusinthidwa injini, ndiye zimachitika kuti magalimoto awiri akulimbirana nambala imodzi. Pakangokhala chikaiko chotere, mtengo umagwa kwambiri ngakhale penti ikhale yowala motani.

Kayendetsedwe ka okushoni yokhayo sikachilendo kwa amene anapitako ku msika wa fodya ku Kanengo kapena ku Limbe: ogula amapikisana, ndipo katundu akhoza kubwerera osagulidwa. Mwini galimoto nthawi zambiri amaika mtengo wachinsinsi umene sangatsike pansi pake. Ogula akalephera kuufika, nyundo silira. Zinachitikira CSX2601 yomweyi. Mu Meyi 2009 ku Indianapolis anthu anakweza mpaka kupitirira madola 6 miliyoni, mwini wake anakana, galimoto inabwerera. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo chuma cha dziko lonse chinali chitagwedezeka ndi mavuto a mabanki a mu 2008. Patatha miyezi itatu anaitengera ku Monterey, kumene chaka chilichonse mu Ogasiti osonkhanitsa magalimoto akale amakumana kwa sabata yathunthu, ndipo kumeneko inapita. Dziwaninso kuti pa okushoni zoterezi wogula amalipira gawo lina la kampani yogulitsa pamwamba pa mtengo wa nyundo, kawirikawiri pafupifupi 10 peresenti, ndipo asanaloledwe kukweza dzanja amayenera kuonetsa umboni wa ku banki kuti ndalamazo ali nazo.

Mwina mukuganiza kuti 7.25 miliyoni ndiye pothera. Ayi ndithu. Cobra yoyambirira yeniyeni, CSX2000, imene Shelby anaisunga moyo wake wonse, inagulidwa madola 13.75 miliyoni mu 2016. Ford GT40 ya 1968, galimoto ya mpikisano yopentedwa mitundu ya kampani ya mafuta ya Gulf, inapita pa 11 miliyoni mu 2012. Duesenberg SSJ ya 1935 inafika 22 miliyoni mu 2018.

Chimene chimandipweteka ine ndi chakuti mpikisano wa 1965 utatha, magalimoto a Daytona analibe owafuna. Ford inali itaika mtima wonse pa GT40, ndipo awa anasanduka akale m'chaka chimodzi. Anagulitsidwa pa madola masauzande ochepa chabe. Yoyamba ija, CSX2287, itatha kuika marekodi 23 a liwiro pa chidikha cha mchere cha Bonneville ku Utah mu Novembala 1965, Craig Breedlove ali mmodzi mwa oyendetsa, inadutsa m'manja mwa anthu angapo kenako n'kuzimiririka. Inatsekeredwa m'nyumba yosungiramo katundu ku California kwa zaka pafupifupi 30, anthu ambiri n'kumaganiza kuti inaphwasulidwa, mpaka inatulukira mu 2001. Lero ili ku Simeone Foundation Automotive Museum ku Philadelphia, ndipo mu 2014 inakhala galimoto yoyamba kulembedwa m'kaundula wa magalimoto a mbiri a dziko la America. Eni ake sanaipentenso kuti ioneke yatsopano. Anaisiya ndi zipsera zake, penti yosuwa ndi malo opindika, ndipo masiku ena amaitulutsa panja n'kuiliza kuti anthu amve phokoso la injini ija. Ndikadzapeza mwayi wofika ku America, Achimwene, ulendo wanga woyamba ndi wa ku Philadelphia, ndikaione ndi maso anga.