Wosiyidwa pa draft ya NBA amalowera kuti?

Achimwene, mwafunsa za mphwanu amene wasiyidwa pa draft ya NBA, mwambo umene matimu a ligi yaikulu ya basketball ku America amasankhira osewera atsopano. Mphwanuyo asataye mtima. Kusiyidwa pa draft ya NBA sikuti zathera pomwepo, amakhala womasuka kusaina ndi timu iliyonse. Ayambire ku Summer League ya ku Las Vegas mu Julayi, mpikisano woyeserapo osewera atsopano. Akaonetsa luso angapatsidwe kontirakiti yotchedwa Exhibit 10, yolowera ku kampu ya timu yokonzekera ligi, ngakhale ambiri amachotsedwa mu Okutobala n'kutsikira ku G League, ligi yaing'ono ya NBA. Kontirakiti ya two-way, yomulola kusewera ku NBA ndi ku G League komwe, ndiyo yabwinoko, koma timu iliyonse ili ndi malo atatu okha otere. Pamenepa makochi safuna womwetsa yekhayekha ayi, amafuna wotchinga mwamphamvu komanso wodziwa kuponya za mapointi atatu. Fred VanVleet anasiyidwa mu 2016, koma mu 2019 anatenga chikho ndi Toronto Raptors.

Asanasaine, ejenti wovomerezedwa ndi NBPA (bungwe la osewera a NBA) aiwerenge kaye kontirakitiyo, chifukwa malipiro a Exhibit 10 ndi osatsimikizika: akangochotsedwa, amaima.